Khadi la Malemu Vitalis

Kompyuta ya Ellard inali nkhalamba, ndipo sinkabisa. Ukaiyatsa inkayamba kaye yabuula ngati minibasi ya ku Manja pachitunda, kenako n'kukhala phee, kuganizira ngati tsiku limenelo ili ndi mtima wogwira ntchito. Gemu ya mpira inkayenda, koma mokakamiza. Wosewera wake akafika pagolo kuti aumenye, chithunzi chinkauma gwa, ndipo chikamadzasunthanso n'kuti mpira uli kale mu ukonde wa mbali inayo.

Womumwetsa zigolizo anali mlamu wake Vitalis, mchimwene wake wa Stacy, mkazi wa Ellard. Vitalis ankagwira ntchito mu ofesi ina pa Victoria Avenue, ndipo ankakhala ku Nyambadwe m'nyumba ya makolo, limodzi ndi amayi ake ndi mkazi wake Christina. Kompyuta yake inali ina. Bokosi lake linali ndi galasi m'mbali, ndipo mkatimo munkaoneka khadi la girafikisi lalitali ngati buledi, la mafani atatu, loitanitsa ku Joni. Khadi limeneli ndi limene limajambula zonse zimene munthu amaona pa sikirini, ndiye kwa Vitalis ngakhale thukuta la osewera linkaoneka. Loweruka masana awiriwa ankakumana pa intaneti, wina ku Nyambadwe wina ku Manja, foni ili pakhutu, n'kumanyozana mpaka batire kutha.

"Alamu, chitsulo chanucho kachiperekeni ku Ndirande akachisule mbaula," ankatero Vitalis. Ndipo tsiku lina, atamumwetsa mpaka kumumvera chisoni, anawonjezera kuti, "Ndikadzagula khadi lina, ili ndidzakupatsani, mwina mungasiye kudandaula."

Vitalis sanagule lina. Anadwala masiku ochepa chabe, mutu ndi kutentha thupi, ndipo anamwalira kuchipatala mvula itangoyamba.

Pamaliro Ellard anagwira ntchito ya mkamwini mosanyinyirika. Anawaza nkhuni, ananyamula mabenchi a kutchalitchi, anathamangira uku ndi uku mpaka nsapato kung'ambika. Analiranso, ndipo tisamunamizire, kulira kwake kunali kwenikweni. Pobwera kumanda, amayi a malemu anagwira dzanja la Christina pamaso pa anthu onse n'kunena kuti, "Mwana wanga wapita, koma wandisiyira mwana wina. Uyu pano sachoka." Christina analibe mwana, amayi ake omubala anamwalira kalekale, ndipo mawu amenewo ndi amene anamuimiritsa tsiku limenelo.

Amalume a Vitalis, a Gervazio, analamula kuti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka banja lidzakhale pansi. Chipinda chimene munali kompyuta chinakiyidwa, kiyi n'kulowa m'thumba la jekete lawo, ulendo wa ku Chiradzulu. Chimene iwo sanafunse n'chakuti kodi kiyiyo anali yekha.

Lachinayi lina foni ya Ellard inalira ali kuntchito ku Ginnery Corner. Anali Christina. Awiriwa ankaitanana achimwene ndi achemwali, monga amachitira anthu amene onse analowa m'banja limodzi kudzera mu ukwati.

"Achimwene, dzulo mphezi inawomba pafupi, ndiye ndakumbuka kuti kompyuta ija idakali kumagetsi. Zenera nalonso silinatsekedwe bwino, mvula ikulowa. Kiyi wina ndili naye, koma ine kulowamo ayi, mtima sukulola. Amayi apita ku Mvano. Tabwerani mudzangozula zingwe."

Ellard anakwera kabaza nthawi ya nkhomaliro. Christina anamupatsa kiyi n'kubwerera kukhitchini osayang'ana ngakhale chitseko cha chipindacho.

M'chipindamo munkanunkhirabe mafuta a Vitalis. Patebulo panali kapu ya tiyi youmira, ndipo mpando unali wotembenuka ngati mwini wake wangotuluka kukayankha foni. Ellard anazula zingwe, anatseka zenera, anapukuta madzi. Ntchito imene anamuitanira inathera pomwepo, ndipo akanatuluka nthawi imeneyo bwenzi palibe nkhani. Koma anawerama n'kusuzumira pagalasi paja.

Mutu wa munthu ukafuna chinthu suchedwa kupeza zifukwa. Kodi kompyutayi adzapatsa ndani? Mwina mphwake wina wa a Gervazio, kuti azitaipira nyimbo za kwaya. Khadi lotere, nyimbo za kwaya! Ndipo iyeyo, amene anagwira tochi tsiku limene Vitalis ankalimangirira, sadzalandira ngakhale sokosi, pakuti mkamwini pogawa katundu ntchito yake ndi kunyamula basi. Komanso Vitalis mwini wake anati adzamupatsa. Zoti lonjezolo linali ndi mutu wake, woti akadzagula lina, Ellard anangozilumpha.

Sikuludiraiva inali patebulo pomwepo, chifukwa Vitalis sankadziwa kubwezera chinthu pamalo pake. Ellard anamasula galasi, anamasula timisomali, anakanikiza kapulasitiki kokolera, khadi n'kutuluka mosavuta ngati linkamudikira. Analilowetsa m'chikwama cha laputopu, zipi n'kukana kutsekeka bwino. Kompyutayo anaifunditsa chitenje. Anadziuza kuti adzabwera ndi khadi lake lakale kudzatseka dzenjelo, ndipo palibe adzadziwe kusiyana kwake.

"Mwathandiza, achimwene. Tiyi ndateleka kale," anatero Christina polandira kiyi.

"Pepani achemwali, abwana akundidikira," anayankha Ellard ali kale pageti.

Kunyumba khadi linakana kulowa. Linali lalitali kuposa malo ake, ndipo zingwe zimene linkafuna kompyuta ya Ellard inalibe. Loweruka m'mawa anakwera minibasi ya ku Limbe, bokosi lonse ali nalo pamwendo, kondakitala akumufunsa ngati katunduyo akufuna mpando wakewake. Anatsikira pafupi ndi msika n'kulowa m'kashopu ka Aleck, munthu wodziwika pokonza makompyuta a magemu.

Aleck atalisolola khadi m'chikwama anaimba likhweru.

"Biggy, chinthu ichi mu Blantyre muno ali nacho ndi anthu owerengeka. Mwachipeza kuti?"

"Mphatso."

"Anthu okupatsani mphatso zoterewa mundidziwitseko ine," anaseka Aleck. "Koma nkhalamba yanuyi singachidyetse. Pawa sapulai, yopereka magetsi mkatimu, ndi yaing'ono, mukangoyatsa gemu izidzizimitsa yokha. Ramu nayo tiwonjezere kuti isamachedwe kuganiza. Ndipo kashelefu ka ma diski aka tikadule, apo ayi sililowa."

Ellard anangogwedeza mutu pa chilichonse. Aleck anatulutsa bokosi pakhonde n'kulipopa mphepo, fumbi la ku Manja la zaka zambiri n'kuthira anthu odutsa, mayi wina wogulitsa nthochi mpaka kumutukwana. Anadula kashelefu kaja ndi sowo, anamangirira pawa sapulai yatsopano, anasomeka ramu, anapaka kaphala kotuwa pa purosesa, ubongo wa kompyuta, kuti isamatenthe. Pomaliza analikanikiza khadi mpaka linalira kuti tswa. Atayatsa, mafani atatu aja anazungulira mwakachetechete, ndipo Ellard anayang'ana kumbali, chifukwa kazunguliridwe kake ankakadziwa.

Masana omwewo anaika gemu ya mpira. Eee, inayenda! Wosewera akathamanga ankathamangadi, mpira ukamenyedwa unkaoneka ulendo wake wonse. Anamwetsa munthu wina wosamudziwa pa intaneti chigoli chokongola, chamutu, ndipo dzanja lake linapita lokha pafoni kuti aimbire woti amunyoze. M'mbali mwa sikirini, pa mayina a anzake osewera nawo, dzina la Vitalis linali lotuwa.

Stacy analowa atanyamula mbale ya mango.

"Ii, lero sikubuula. Yachira?"

"Ndakaikonzetsa ku Limbe."

"Mwachita bwino. Muzisewera, musamangokhala ndwii. Achimwene akanakondwa kuona kuti mwaikonza, mmene ankakusekerani muja."

Ellard anadikira kuti atuluke, n'kuzimitsa. Anachita manyazi oopsa, manyazi otentha m'makutu. Kuyambira tsiku limenelo ankati akayatsa, osachedwa wazimitsa. Khadi lake lakale analikulunga m'nyuzipepala n'kumayenda nalo m'chikwama. Ku Nyambadwe anapitako kangapo, ati kukazonda apongozi, koma nthawi zonse amayi anali pabalaza pomwepo ndi Baibulo lawo, moyang'anizana ndi chitseko chija. Kupempha kiyi kwa Christina kunkafunika chifukwa, ndipo chifukwacho n'chimene analibe pakamwa pochinenera. Ankangomwa madzi, kufunsa za kuthamanga kwa magazi kwa amayi, n'kubwerera ndi katundu wake.

Tsiku logawa linafika. A Gervazio anabwera ndi mwana wawo Chance, msuweni wa malemu, amene amagwira ntchito ya makompyuta kubanki ina m'tauni. Ellard atamuona Chance akutsika galimoto, anadziwa kuti dzenje lija lioneka. Ananyamula mipando kulowetsa pabalaza, anatulutsa masutikesi a malemu, anaika kompyuta pakati chitenje chili chifundire. Kenako anatuluka kukakhala pakhonde, pansi pa zenera, pamene amakhala akamwini eni mbumba akamakambirana. Chikwama chinali pakati pa miyendo yake.

Anayamba ndi pemphero. Anagawa masuti, nsapato, mawotchi. Zonse Ellard ankazimva bwinobwino, pakuti zenera linali lotsekula. Kenako anamva chitenje chikuvundukulidwa.

"Adadi," anatero Chance, "muno munalowa munthu."

"Munthu wanji? Kiyi wakhala m'thumba mwangamu."

"Kaya, koma khadi mulibe. Onani dzenje ili, zingwe zikungolendewera."

"Tafotokoza bwino iwe, ife za makinazi sitizidziwa."

"Zili ngati wina wakusiyirani galimoto koma injini wachotsa. Chinthu chenicheni m'bokosi lonseli chinali chimenecho. Ine ndinachiona ndi maso anga Vitalis ali moyo."

Pabalaza panayamba manong'onong'o. A Gervazio anakhosomola, ndipo mawu awo anatsika.

"Mayi, chipinda chimenechi chili ndi kiyi wina?"

"Alipo," anayankha Christina.

"Ali ndi ndani?"

"Ali ndi ine."

"Ndiye tiuzeni. Analowamo ndani?"

Christina sanayankhe. Anakhala chete nthawi yaitali, yaitali kwambiri, mpaka Ellard ankamva wailesi ya kunyumba yoyandikana. Miyendo yake inkadziwa choyenera kuchita, inafika ngakhale pokokera mapazi kumbuyo kuti aimirire. Koma mutu uja unabweranso ndi zifukwa zake. Mkamwini salowa pabwalo la eni ake asanaitanidwe. Mkamwini sadula mawu amalume. Mwambo umenewu Ellard anali asanaulemekezepo chotere moyo wake wonse, koma tsiku limenelo anaufunda mpaka kumutu.

"Ndinachotsa ndine," anatero Christina. "Ndinakagulitsa ku Limbe."

"Inuyo mungachotse khadi?" anafunsa Chance.

"Ndinkaona amuna anga akuchotsa popukuta fumbi."

Woyamba kukuwa anali Stacy. "Dothi la pamanda silinaume n'komwe! Achimwene anga ankakusowetsa chiyani iwe?" Azakhali ena analowererapo, aliyense ndi mawu ake, a Gervazio akumenya patebulo kuti anthu akhale chete. Phokoso litatsika, panamveka mawu a amayi, otsika, onjenjemera.

"Unalowa liti, mwana wanga?"

"Muli ku Mvano, amayi."

"Ndiye ine ndikugwada uko kukupempherera, iwe kuno ukuphwasula zinthu za mwana wanga? Ukanandiuza kuti wasowa, chilipo chimene ndikanakumana?" Kenako analankhula kwa mlongo wawo, a Gervazio. "Achimwene, mwanayu apite kwawo. Za khadizo ine sindizidziwa, ndipo sindizifuna. Koma sindingagone nyumba imodzi ndi munthu wodikira kuti ndituluke."

Christina sanadziteteze. Ellard anangomva akusisima pang'onopang'ono. Patapita kanthawi a Gervazio anasuzumira pazenera.

"Akamwini, tabwerani mutithandize kukweza katundu wa mayiwa."

Ndipo anakwezadi. Sutikesi, mapoto, matiresi, kabasiketi ka nsapato, zonse anazikweza m'galimoto ya Chance ndi manja omwe aja, n'kumanga chingwe mwaluso. A Gervazio anamuyamikira pamaso pa anthu kuti banja lili ndi mwayi kukhala ndi mkamwini wotere. Christina anadutsa pafupi naye pokakwera, maso ali pansi.

Lolemba m'mawa Ellard sanapite kuntchito. Stacy atangotuluka, anamasula bokosi, anazula khadi, n'kukwera minibasi ya ku Nancholi, kumene Christina anafikira kwa mkulu wake. Anamupeza kuseri kwa nyumba akuyanika zovala. Anali atawonda, mpango wakuda uli kumutu.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Ulemu umenewo unamupweteka kuposa kutukwanidwa. Anatsekula chikwama.

"Achemwali, ndabweretsa. Khadi lija. Ndinatenga ndine."

"Ndikudziwa. Kiyi ndinapatsa munthu mmodzi."

Anatola malaya ena m'beseni n'kuwakung'untha. Ellard anaima ngati mwana wa sukulu, khadi lili m'manja.

"Ndalakwa, achemwali. Ndalakwa kwambiri. Kuchoka pano ndikupita kwa amayi, ndikanena zonse. Mubwerera kunyumba kwanu."

"Mukanena kuti chiyani?"

"Zoona zake. Kuti munandiitana kudzazula zingwe, ine n'kuba."

Christina anasiya malaya aja pachingwe n'kutembenuka. Aka kanali koyamba kumuyang'ana m'maso.

"Tamvani, achimwene. Mukanaimirira tsiku lija n'kunena nokha, anthu akanamva za khadi. Akanakukalipirani, Stacy akanakwiya sabata, n'kutha. Koma lero palibe adzafunse za khadi. Adzafunsa kuti n'chifukwa chiyani wamasiye anaitana mwamuna wa mwini apongozi ake atachoka. Adzafunsa kuti n'chifukwa chiyani anamubisa pamaso pa amalume, mpaka kulolera kuthamangitsidwa. Mukuwadziwa azakhali aja. Mukuganiza kuti ayankha bwanji?"



"Panopa ndine wakuba," anapitiriza Christina. "Dzina limenelo ndingalisenze. Linalo ayi. Ndipo Stacy wataya mchimwene wake, musamutayitsenso banja. Amayi aja magazi awo mukuwadziwa."

"Nanga munaneneranji kuti ndinu? Mukanangonditchula pomwepo."

"Ine kutchula dzina la mwamuna pabwalo lija? Limayenera kutuluka pakamwa panu." Mawu ake anagwedera, koma sanalire. "A Gervazio atandifunsa ndinakhala chete, munamva. Mumaganiza kuti ndimapeka bodza? Ndimadikira inu. Mutu wanu ndimauona pazenera."

Ellard anakhala pansi pa njerwa zimene zinali pomwepo. Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutolatola. Ankafuna kuti mayiyu amutukwane, amumenye ndi beseni, achite chilichonse choti iye alipire n'kupepukidwa, koma Christina anali atabwerera kale kuchingwe chake.

"Mipando ndi mafiriji ndilibe nazo ntchito," anatero atamufulatira. "Koma mayi aja ankanditcha mwana wawo."

"Ndiye khadili ndilichite chiyani? Tengani, chonde. Mugulitse, likuthandizeni."

"Kuti bodza langa likhale loona? Ayi. Pano musalisiye, akulu anga angalione." Anafinya siketi, madzi n'kudontha pafumbi. "Munkalifuna. Kasewereni."

Ellard analibwezera m'chikwama. Anatsanzika, Christina n'kuyankha mwaulemu kuti ayende bwino, apereke moni kunyumba. Anatsetsereka kanjira ka matope kupita kumsewu, oitanira minibasi akumukokera uku ndi uku, iye osamva kuti akunena za kuti. Ali chiimire pasiteji, foni inalira. Anali Stacy.

"Muli kuti? Kuofesi kwanu akuti simunafike."

"Ndinatuluka pang'ono. Mutu."

"Pepani. Mugule mankhwala. Ine ndangochoka kolankhula ndi amayi, akuti sanagone, akungolira. Akuti chikuwapweteka si katundu, koma kuti anamukhulupirira." Stacy anapumira m'mwamba. "Ndikuuzeni, bambo, mkazi ameneuja mukadzakumana naye m'tauni, musadzamupatse ngakhale moni. Mwamva?"

Minibasi inaima patsogolo pake, kondakitala n'kutsekula chitseko. Ellard anakumbatira chikwama pachifuwa kuti chisagundidwe.

"Ndamva," anatero.